Mbiri ya Mayi Natália Sakala, Amene Ankalera Matumbo a Mbewa M'mbale

Amene tawaperekeza lero ndi mayi Natália Timóteo Sakala, a Nasakala. Anabadwa m'chaka cha 1975 konkuno ku Chamatowo, m'dera la Mualadzi, boma la Chifunde. Bambo awo anali malemu a Timóteo Sakala, mlimi wa chimanga ndi mtedza, ndipo mayi awo anali malemu a Florinda. M'banja la ana anayi, malemuwa anali achiwiri kubadwa. Ine amene abale andituma kuwerenga mbiriyi ndine Cipriano, mzime wa m'banjamo. Moyo wanga wonse ndinkawaitana kuti mana, monga timaitanira mlongo wamkulu m'Chipwitikizi, ndiye mundikhululukire lilime likandipulumuka n'kuwatchula choncho pano.

Chiyambire maliro ano, anthu ambiri andikokera pambali kudzandifunsa funso limodzi: kodi mlongo wanu ankagwira ntchito yanji kwenikweni ku Maputo? Ena akuti anali dotolo wa odwala. Ena akuti ankaweta mbewa zogulitsa. Ena akunong'ona zina zimene sindingazitchule pamaso pa bambo mfumu. Choncho abale tinagwirizana kuti mbiriyi italikepo pang'ono pa ndime ya ntchito, kuti aliyense achoke pano akudziwa amene wamuika m'manda. Ine shikola, kapena kuti sukulu, sindinapite nayo patali. Ndifotokoza mmene iwo anandifotokozera, ndi mmene ndinaonera ndi maso angawa.

Malemu anali mwana wa mafunso. M'chilimwe, anthu atakolola, atsibweni athu a Nowa, mwini mbumba yathu amene akhala apowa, ankabwera kuchokera kumunda ndi mbewa zodzaza thumba. Ntchito yotumbula inali ya a mana. Mwana wina akanangotumbula n'kuponyera nkhuku matumbo. Iwo ayi. Ankatambasula matumbo aja pamwala, kuwang'amba ndi munga, n'kumatsatira chimene mbewayo inadya: apa chimanga chikadali choyera, apa chasanduka phala, apa chada. Ndiwo zinkachedwa, ife malovu ali m'kamwa. Mayi ankafuula ali pamafuwa kuti, "Natália, kodi mbewazo tidya kapena tiziwerenga ngati katekisimu?"

Anayamba shikola kumishoni m'chaka cha 1982. Koma nkhondo inakula m'dera lino, ndipo m'chaka cha 1987 banja lathu linathawa. Msewu wa kumalire a ku Cassacatiza sunali wodutsika masiku amenewo, choncho tinadzera m'tchire mpaka kulowa m'Zambia, kumene anatiika kumalo a othawa nkhondo ku Ukwimi. Kumeneko malemu anapitiriza maphunziro m'Chingerezi. Kumenekonso tinaika bambo athu m'chaka cha 1990.

Funso limene linadzakhala ntchito ya moyo wawo linabadwira ku Ukwimi komweko, ndipo linabadwa ndi njala. Chaka choyamba, minda yathu isanabale, tinkadya zogawiridwa, ndipo sizinkafika kumapeto kwa mwezi. Malemu anaona kuti tsiku limene tadya nyemba, njala imachedwa kubwerera. Tsiku limene tamwa phala lamadzimadzi, mimba imatupa chimodzimodzi, koma dzuwa lisanapendeke njala yafika kale. Anayamba kufunsa aliyense: aphunzitsi, anamwino, asisitere. Ankati, "Chakudya chikadali m'mimba, kumutu sichinafike. Nanga ndani wathamanga kukauza mutu kuti basi, leka kudya?" Sisitere wina wachikulire anawayankha kuti umo ndi mmene Mulungu anatilengera. Malemu anagwada mwaulemu n'kunena kuti, "Zoti ndi Mulungu ndikudziwa, asisitere. Koma ndikufuna kuona pamene anamangira mfundo." Sisitereyo sanakwiye. Anawabwereka buku la zamoyo lothothoka chikuto, ndipo bukulo silinabwererenso.

Tinabwerera kuno kwathu m'chaka cha 1994. Malemu anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, odziwa Chingerezi koma Chipwitikizi chitawathawa. Akulu ena anati nthawi yokwatiwa yakwana. Mayi athu ndi atsibweni anakana, nawatumiza ku Tete, kumene ankakhala kwa asisitere, kuchapa ndi kusita m'mawa, masana kukhala pa benchi limodzi ndi ana aang'ono kwa iwo. Anawaseka chifukwa cha kalankhulidwe kawo, koma sanabwerere. M'chaka cha 1999 analowa univesidade ku Maputo kukaphunzira za zamoyo, ndipo anamaliza mu 2003. Ndi iwo oyamba m'mudzi muno, mwamuna kapena mkazi, kufika pamenepo.

Chaka chomwecho mayi athu anayamba kudwala. Ludzu silinkatha, thupi linkangosungunuka, ndipo nyerere zinkaunjikana pamene ataya madzi. Tinayenda nawo mwa asing'anga ndi m'mapemphero. Pamene a mana anafika n'kuwatengera kuchipatala ku Tete, anapezeka ndi matenda a shuga, atalowerera kale mpaka impso. Anatisiya mu 2004. Pamaliropo a mana anangondiuza pochokera kumanda kuti matenda a mayi ndi funso lawo la ku Ukwimi zili pa mtengo umodzi, ndipo kuti akufuna kuukwera.

M'chaka cha 2005 anamanga ukwati woyera m'parokiya yathu ino ndi bambo Gerson Macuácua, mphunzitsi wa masamu wochokera ku Gaza. Alamu athuwa anafika kuno osadziwa liwu ngakhale limodzi la Chichewa. Atsibweni anawapatsa khasu kuti tione ngati mkamwini ali ndi msana. Analima mzere umodzi, wokhota ngati njira ya munthu woledzera, manja atatuluka matuza, koma sanaponye khasu pansi mpaka anawalanda. Atsibweni anati ameneyu asunga mwana wathu, ndipo sananame. Mulungu anawapatsa ana awiri, Marlene ndi Milton.

Mu 2008 malemu anapatsidwa mwayi wokaphunzira ku Portugal. Marlene anali asanasiye kuberekedwa kumsana. Anthu analankhula, kuti mayi wanji wosiya khanda kutsata mabuku. Bambo Gerson ndi amene anawakankha kuti apite, ndipo mchemwali wathu Dulce anasamukira ku Maputo kukathandiza kulera mwanayo. Malemu ankanena okha kuti zaka zimenezo zinali zowawa kuposa za ku Ukwimi. Kumeneko ndi kumene anaphunzira luso lolera maselula a matumbo, ndipo anabwerako mu 2013 ali dotolo, osati wobaya jakisoni, koma wofufuza. Anawapempha kuti atsale ku Ulaya komweko. Iwo anasankha kubwerera, nayambitsa kachipinda kofufuzira ku Maputo pamodzi ndi mnzawo wa ku univesidade, dotolo Anabela.

Tsopano ndafika pa ntchito ija.

Mu 2016 a mana anandituma kuti ndiwapititsire malambe, masau ouma, nyemba ndi mapira a kuno. Ndinanyamula thumba mpaka ku Maputo, ulendo wanga woyamba, ndikuganiza kuti alakalaka zakumudzi. Nditafika sanapite nazo kunyumba. Anapita nazo kuntchito, ine ndili pambuyo. Pakhomo anandisambitsa m'manja, kundiveka chovala choyera ndi zophimba kumapazi, n'kundiuza kuti ndisakhudze kanthu ndiponso ndisatsokomole.

Poyamba anandionetsa mbewa. Abale, zimenezo si mbewa zathu za m'mauna. Ndi mbewa zaukhondo zobadwira m'nyumba, zosadziwa munda, mphaka kapena utsi. Zili ndi wozisamala wake, chakudya chake, ndi malamulo a boma oletsa kuzizunza. Ndinaima n'kumaganiza kuti atsibweni akanaziona akanalira.

Kenako anandikhazika pansi n'kundifotokozera. Thupi la munthu, ngakhalenso la mbewa, linamangidwa ndi tizinthu tamoyo tosaoneka ndi maso, monga nyumba imamangidwa ndi njerwa. Tizinthuto amati maselula. M'kati mwa matumbo muli chikopa chofewa chimene chimakhudzana ndi chakudya. Chikopacho chimaperepeseka msanga, koma chatsopano chimaphuka masiku onse kuchokera m'timaenje tating'ono, ngati mbande za fodya pofesera. Mwa maselula zana a m'chikopa chimenecho, mwina imodzi yokha ndi yamthenga. Ntchito yake ndi kulawa chakudya chikamadutsa. Ikalawa shuga kapena mafuta, imathira timadzi m'magazi, timene amati mahomoni. Timadzito ndiye uthenga. Timakadzutsa kapamba kuti shuga asachuluke m'magazi, timauza chifu kuti chisafulumire kutsitsa chakudya, ndipo timauza mutu kuti takhuta. Atafika pamenepo a mana anandigwira pamkono n'kunena kuti, "Cipriano, wothamanga uja ndinkamufunsa ku Ukwimi ndi ameneyu. Alipo. Sindinamupeze ndine, anamupeza ena kalekale, koma ine ndikufuna kudziwa chimene chimamudzutsa."

Vuto lake ndi lakuti wamthengayo ali m'mimba, mumdima, mmene munthu sangasuzumire. Ndiye chimene malemu ankachita ndi ichi. Ankagoneka mbewa imodzi tulo tosadzuka, mosaipweteka. Ankatenga kachidutswa ka thumbo, kukatsuka m'madzi ozizira, kukaduladula, n'kuthira mankhwala omasula timaenje tija. Timaenjeto ankatidzala m'timbale, m'kati mwa zinthu zonanda ngati thelele, n'kuthira madzi ofiirira okhala ndi chakudya chake. Timbaleto ankatiika m'kabati yofunda ngati m'khwapa mwa munthu. Pakapita masiku, maselula aja ankakula osadziwa kuti mwini wake anafa. Ankapanga timipira tokhala ndi mphukira, timatumbo tating'onoting'ono, tochepa kuposa njere ya fodya.

Ndinakana kukhulupirira. Pamenepo anazimitsa nyali ya m'chipindamo n'kundiuza kuti ndiike diso pa makina okuzira zinthu. Poyamba ndinangoona nsidze zanga. Anapotoza pang'ono, ndipo ndinaona. Timipira totuwa, tambiri, ndipo apa ndi apo kadontho kowala mobiriwira, ngati ziphaniphani m'dambo. Anandiuza kuti mbewa zimenezo anazikonza akatswiri kuti maselula amthenga okha aziwala, kuti munthu aziwazindikira pakati pa anzawo. Ndinachita mantha, ndinachitanso chidwi. Ndinafunsa ngati timatumboto timamva njala. A mana anaseka mpaka kugwira thebulo, kenako anasiya kuseka n'kunena kuti, "Funso limenelo si lopusa. Njala amaimva ndi mutu, ndipo muno mulibe mutu. Koma timafuulabe, ngakhale palibe wotimva. Wotimva ndine."

Kumva kwake kunali kotere. M'mbale ina ankadontheza madzi a shuga, ina mafuta, ina madzi a nyemba kapena a malambe ndinabweretsa aja, ina osathira kanthu kuti ikhale yoyerekezera. Ankadikira, n'kutapa madzi a pamwamba kukawayeza pa makina ena, kuti aone uthenga watuluka wochuluka bwanji. Anandiuza kuti kumaiko olemera kuli kale mankhwala a shuga otsanzira uthenga umenewu, koma munthu wa ku Mualadzi sangawafikire. Iwo ankafuna kudziwa ngati mwa zakudya za m'minda mwathu muli zina zodzutsa amthengawo kuposa zinzake. Ntchito yawo inali imeneyo. Panalibe ufiti, panalibe malonda.

Sinali ntchito yofewa. Zaka zoyamba timatumbo tinkangofa. Nthawi zina nkhungu inkalowa m'mbale, madzi ofiirira aja n'kusanduka achikasu ndi amatope, zonse n'kutayidwa. Chaka china mphepo yamkuntho inagwetsa mawaya, magetsi anazima, injini yapadera inakana kulira, ndipo ntchito ya miyezi yambiri inazizira n'kufa. Anandiimbira telefoni mawu ali ogwa, n'kundifunsa kuti ine ndimatani ntchemberezandonda zikandidyera chimanga. Ndinawauza kuti ndimatukwana tsiku limodzi, mawa lake n'kukafuna mbewu. Anati ndiye lero ndi tsiku lawo lotukwana, ndiwabwereke mawu.

Pali mkangano umodzi umene atsibweni a Nowa andilola kuti ndiutchule. Monga mukudziwa, iwo amasunga za makolo, m'tchalitchi salowa, koma malemu ankawalemekeza ngati bambo. Pa Khirisimasi ya 2017 a mana anawafotokozera ntchito yonseyi. Atsibweni anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anafunsa kuti, "Nanga mbewazo mukatumbula, amadya ndani?" Malemu anayankha kuti palibe, amaziotcha mpaka phulusa. Atsibweni ananena kuti, "Ine ndapha mbewa zosawerengeka, koma iliyonse inalowa m'mimba mwa mwana. Zakozo umazipepesa bwanji?" Malemu anati mbewazo zikufera anthu odwala ngati mayi athu a Florinda, mlongo wa atsibweniwo. Atsibweni anati Florinda anafa, ndipo mbewa zikufabe. Anasiyana tsiku limenelo aliyense atagwira pake.

Koma mawuwo anawatsata ku Maputo. Anayamba kulimbikira njira ina imene anaiona ku Ulaya, yoti timatumbo tikakula, m'malo mopha mbewa ina, uzitiphwanya n'kutidzalanso, monga timachitira ndi mbewu ya mbatata. Tina ankatiumitsa m'chisanu choopsa, n'kudzatidzutsa patapita miyezi. Zinawavuta chaka chathunthu, koma zinatheka, ndipo mbewa imodzi inayamba kugwira ntchito ya mbewa zambiri. Atabwera kudzawauza atsibweni, iwo anangoti, "Zachepa, koma sizinathe." Malemu anavomera kuti sizinathe. Mpaka lero sindinganene kuti anagonja ndani. Chimene dotolo Anabela anatiuza n'chakuti kuyambira nthawi imeneyo, a mana asanagoneke mbewa ankayamba aiuza kuti, "Zikomo, mbewa," ndipo kuti anthu onse a m'chipinda chija, Achangana ndi Amakua omwe, Chichewa chimene amadziwa ndi mawu awiri amenewo.

Chiyeso chachikulu cha moyo wawo chinachokera konkuno. Anthu ankaona matumba a malambe akupita ku Maputo chaka ndi chaka, ndipo mbiri inamera yokha kuti dotolo wa ku Chamatowo wapeza mankhwala a shuga m'malambe, koma akubisa. Mu 2019 wamalonda wina, amene sitimutchula, anayamba kugulitsa madzi a malambe m'mabotolo ku Cassacatiza, akunena kuti ndi njira ya dotolo Natália. Madalaivala ankagula, anthu a ku Nsadzo ankapalasa njinga kudzagula. Mmodzi mwa ogulawo anali a Yeremiya, katekisita wathu wakale, amene anatiphunzitsa tonsefe mapemphero. Iwo anali ndi matenda a shuga. Pokhulupirira dzina la mwana amene anamuphunzitsa okha, anasiya mapiritsi a kuchipatala. Patapita miyezi, kabala ka chitsa kuphazi kanakana kupola, ndipo ku Tete anawadula zala zitatu.

Nkhaniyi itawafika, malemu anasiya zonse n'kukwera basi. Lamulungu anapempha bambo mfumu kuti alankhule Misa itatha. Ambiri mwa inu munalipo. Tchalitchi chinadzaza mpaka m'mawindo, chifukwa anthu ankayembekeza kuti lero dotolo aulula mankhwala. Malemu anaima kutsogolo, atavala chitenje cha Legio ya Maria, n'kunena kuti: "Abale anga, ndabwera kudzakuuzani kuti sindikudziwa. Malambe ndinawayesa. Tsiku lina amthenga anayankha, tsiku lina anangokhala chete, ndipo chifukwa chake sindinachipeze. Ngakhale akanayankha masiku onse, mbale si munthu. Mbale ilibe chiwindi, ilibe magazi, ilibe nkhawa. Idyani malambe chifukwa ndi chakudya chabwino, koma amene anapatsidwa mapiritsi abwerere kumapiritsi ake lero lomwe."

M'tchalitchi munali phokoso. Bambo wina kumbuyo ananena mokweza kuti, "Shikola yonseyo mpaka ku Ulaya, kukaphunzira kunena kuti sindikudziwa?" Anthu anaseka, ndipo ine ndinaweramitsa mutu ndi manyazi. Malemu sanaweramitse. Anayankha kuti inde bambo, ndipo phunziro limenelo ndi limene linali lovuta kuposa onse. Mawa lake anapita ku Cassacatiza ndi namwino wa kuchipatala chathu, ndipo sanachoke pa sitolo ija mpaka dzina lawo litafufutidwa pa mabotolo.

Kuchokera kumeneko anapita kwa a Yeremiya. Anagwada pakhomo, osalowa mpaka ataitanidwa. A Yeremiya andiuza okha kuti ndinene zimene zinachitika. Iwo sanawadzudzule. Anawauza kuti akhale pamphasa, n'kuwafunsa kuti, "Mwana wanga, zala zapita basi. Koma tandiuza, amthenga akowo akakhala chete, umaganiza kuti chawatseka pakamwa n'chiyani?" Anakambirana mpaka nkhuku kulowa. Kuyambira pamenepo, nthawi iliyonse malemu akabwera kumudzi, ankayamba kwa a Yeremiya kukapereka malipoti a timatumbo, asanafike n'kwathu komwe.

Pa za mpingo, malemu anabatizidwa ali khanda, analandira Ukaristia woyamba kumishoni kuno, ndipo analimbitsidwa ku Ukwimi. Anali wa Legio ya Maria, ndipo ku Maputo ankaimba m'kwaya ya parokiya yawo, ngakhale kuti ana awo akuti mawu ankawathawira m'mwamba. Chichitikire nkhani ya mabotolo ija, anayambitsa mwambo woti pa tchuthi chawo chilichonse, Misa ikatha, iwo ndi namwino azikhala pansi pa mtengo wa mango kuyeza anthu shuga. Ankayeza aliyense, wa mpingo ndi wosapemphera yemwe. Ambiri amene muli pano munadziwira pamenepo za matenda anu, nthawi isanathe. Bambo amene anafuula m'tchalitchi uja anali m'gulu la oyamba kutambasula chala.

Malemu anayamba kudandaula m'mimba chakumapeto kwa 2023. Madotolo ku Maputo anapeza khansa ya m'chiberekero, itafalikira kale. Anachitidwa opaleshoni, nalandira mankhwala amphamvu amene anawathothola tsitsi. Pakati pa mankhwalawo ankapitabe kuntchito, kukakhala pampando n'kumaona anzawo akugwira. Madotolo awo akuti sanaonepo wodwala wofunsa chotero. Ankafuna kuona zithunzi zonse za m'mimba mwawo, ndipo tsiku lina anapempha kuti awaonetse pa makina kachidutswa ka chotupa chimene anawachotsa. Atakaona anauza bambo Gerson kuti n'zomvetsa chisoni kuti chinthu chowapha chikhale chokongola chotero.

Chaka chino, titangokolola, anapempha kuti abwere kumudzi. Chakudya chinali chitawakana. Dulce ankaphika chilichonse chimene ankachikonda, iwo n'kulawa kawiri, n'kukankha mbale. Ife zinkatiliza, koma iwo zinkawachititsa chidwi. Tsiku lina masana, atadya nyemba zosakwana dzanja, anaika chikhatho pamimba n'kukhala ngati akumvetsera. Ndinawafunsa ngati pakupweteka. Anati, "Ayi. Ndikudabwa. M'mimba mulibe kanthu, koma uthenga wafika kale kuti ndakhuta. Alipo amene akunama m'katimu, ndipo ndikanakonda kudziwa kuti ndani." Anatuma Marlene kuti aimbire dotolo Anabela, ndipo anakambirana nkhaniyo m'Chipwitikizi, mawu akutuluka movutikira, koma maso akuwala.

Sabata yatha matenda anakula, ndipo tinathamangira nawo kuchipatala cha ku Tete. Analandira masakramenti a odwala ali ndi nzeru zawo zonse. Anatisiya Lachitatu, bambo Gerson ndi ana ali pambali pawo. Anali ndi zaka makumi asanu. Anapempha kuti adzagone pafupi ndi mayi awo, ndipo tachita monga ananenera.

Banja likuthokoza bambo mfumu ndi akhristu a parokiya ino, a Legio amene agona pano chiyambire, adzukulu amene akumba manda, madotolo ndi anamwino a ku Maputo ndi ku Tete, ndiponso a ku univesidade amene atumiza galimoto ndi nthumwi. Dotolo Anabela, mnzawo wa zaka zoposa makumi awiri, sali pakati pathu. Atuma mawu opepesa, ndipo andipempha kuti ndinene chifukwa chake mosabisa. Timatumbo timafuna kusinthiridwa madzi masiku owerengeka alionse, ndipo tikadumphitsidwa timafa. Anzawo onse atafuna kubwera kumaliro, panafunika mmodzi wotsala. Malemu anali atawauziratu dotolo Anabela kuti, "Ukadzabwera kudzandilira n'kusiya mbale zanga ndi njala, sindidzakukhululukira." Ndiye pamene ife taima pano, iwo ali m'chipinda chija, avala choyera, akudyetsa. Akuti mtundu wa timatumbo umene wakhalitsa kuposa yonse, malemu anaulemba pa chivundikiro dzina loti Chamatowo, ndipo m'mawa uno unali wamoyo.

Malemu asiya amuna awo, bambo Gerson Macuácua. Mwana wamkazi, Marlene, amene ali ku univesidade. Mwana wamwamuna, Milton, amene akadali kushikola. Achimwene awo aakulu, a Lucas. Mng'ono wawo, Dulce. Ine mlongo wawo, Cipriano. Atsibweni awo, a Nowa. Ndi ana a abale awo khumi ndi mmodzi. Asiyanso ntchito yosatha, imene sanachite nayo manyazi kunena kuti sinathe.

Bambo mfumu atiphunzitsa mu Misa kuti kumene apitako, zobisika zonse zimaululika. Tikukhulupirira kuti ndi choncho. Koma ife amene tinakula nawo tikudziwa kuti akangoyankhidwa limodzi, adzagwada mwaulemu, n'kufunsa lina.

Pitani bwino, mana. Ambuye awalandire, ndipo apumule mu mtendere.